Chipongwe Chimene Chinatsegula Geti la a Shawa

Aliyense amene ankagula ndiwo kumsika wa Kapata m'zaka za m'ma 1990 ayenera kuti anamvapo amuna awiri aimvi akutukwanizana dzuwa likuswa mtengo, anthu n'kumangodutsa osacheuka n'komwe. Mmodzi anali wamtali, wotsimphina mwendo wamanzere, atavala yunifomu yotuwa ya kampani ya matelefoni. Winayo anali wamfupi, wa kamimba, atakhala pakati pa mawilo a njinga, manja ali girisi yekhayekha. Wamtaliyo ndi a Ackim Shawa, eni nkhani ino. Wamfupiyo ndi a Lazarus Kangwa, Mbemba wa kumpoto amene anafika ku Chipata ali mnyamata n'kuiwala njira ya kwawo.

"Iwe chimunthu chodya mbewa," ankayamba motero a Kangwa, osadzutsa ngakhale mutu. "Wabwera kudzandithamangitsira makasitomala ndi nkhope yakoyo?"

"Ndabwera kudzafunsa ngati watisiyirako anyani m'mapirimu," a Shawa ankayankha, uku akudzikokera mpando wosapatsidwa. "Chifikire iwe kuno, ngakhale mchira sitiuonanso."

Mlendo akanathamanga kukaitana apolisi. Koma icho chinali chimbuya chabe. Munthu wa kuno kum'mawa ndi Mbemba amatchulana mbuya, ndipo mbuya wako akhoza kukutukwana pagulu, kukugwirira nkhuku pakhomo, kukupaka ufa kumaso pamaliro a mayi ako, iwe osakwiya. Ukakwiya, manyazi ndi ako. Ukamubweza pakhomo, tauni yonse imva kuti unaleredwa moperewera.

A Shawa anabadwira ku Madzimoyo, m'banja la anthu a mishoni. Atate awo anali aphunzitsi, achimwene awo anakhala kalaliki kuboma, alongo awo ankaphunzitsa atsikana kusoka. Iwo okha ndi amene sukulu inawakana. Banja lotere silitukwana mwana. Limangomuyang'ana pamwamba pa magalasi kenako n'kumupempherera, ndipo ndikuuzeni, bola kukwapulidwa. A Shawa anakula ali munthu woopa kulakwitsa, woyenda ngati wasenza mazira. Anapeza ntchito yokwera mitengo ya mawaya a telefoni, nayenda nayo msewu wa ku Lundazi, wa ku Chadiza ndi wa ku Katete, mpaka tsiku lina mtengo wodyedwa ndi chiswe unathyoka iwo ali pamwamba. Bondo silinabwerere mwakale. Kampani inawamvera chisoni n'kuwapatsa ulonda paphiri.

Ubwenzi wawo ndi a Kangwa unayambira pamaliro. Mwana woyamba wa a Shawa, Paison, anamwalira ndi chikuku asanayambe n'kuyankhula komwe bwinobwino. Abale anabwera ndi nyimbo za m'buku ndi mavesi, aliyense akuyankhula motsitsa mawu, ndipo a Shawa anangokhala duu pakhonde, osalira, osadya. A Kangwa nthawi imeneyo anali munthu wongowakonzera njinga basi. Koma anafika ndi Abemba anzawo, nakumba manda, nawaza nkhuni, natunga madzi. Anthu atabwerako kumanda, a Kangwa anatapa ufa m'lichero, nawapaka a Shawa kumaso konse, nati, "Iwe, ukangokhala choncho ngati chitsa, ndikutengera mkazi ndi mbuzi zomwe. Mbewa zokha ndikusiyira." A Shawa anaseka. Kuseka kuja kunatsegula njira, ndipo analira mwana wawo mpaka mawu anasasa, a Kangwa atawagwira phewa n'kumawatukwanabe pang'onopang'ono.

Ndinene poyera kuti a Shawa analibe mnzawo wina. Kumpingo ankawalemekeza, kuntchito ankawalemekeza, akazi awo a Dolika ankawagwadira powapatsa madzi. Munthu mmodzi yekha padziko lonse ndi amene ankawaona ngati munthu woti n'kumuseka, ndipo pamaso pa munthu ameneyo m'pamene ankapuma bwino. Akanalola kutaya bondo linalo kusiyana n'kutaya a Kangwa.

Phiri limene ankalondalo lili chapafupi ndi tauni, ndipo anthu ankangoti Pamlongoti. Pamwamba pake panali mlongoti wachitsulo wokhala ndi mbale zikuluzikulu zoyera, kanyumba ka makina, jenereta, ndi mpanda wa waya wokhala ndi geti limodzi. Foni iliyonse yochoka ku Chipata kupita ku Lusaka kapena kunja inkadzera pamenepo: ya kuboma, ya kuchipatala, ya kubanki, ya kumalire ku Mwami, ngakhale ya mayi wofuna kuuza mwana wake ku Kitwe kuti agogo atisiya. Powapatsa makiyi, kapitawo anawauza kuti, "A Shawa, apa simukulonda nyumba ayi. Mukulonda dziko." Munthu amene kwawo ankamuyesa wolephera ukamuuza mawu otere, wamumanga moyo wake wonse.

Lamulo linali limodzi. Munthu salowa m'kanyumba ka makina popanda pepala lochokera kuofesi ya m'tauni. A Shawa analigwira lamulolo ndi manja awiri. Anabweza achimwene awo enieni, akalaliki aja, amene ankangofuna kuona tauni ali pamwamba. Anabweza abusa ndi gulu lawo la mapemphero a paphiri, nawalozera mwala wina kunja kwa mpanda kuti Mulungu amamvanso pamenepo. Mdani ankamudziwa maonekedwe ake, kapena tinene kuti ankaganiza choncho. Zaka zija kutsidya kwa malire kunali nkhondo, ankayembekezera amuna a mfuti otuluka m'tchire. Nkhondo itatha, ankayembekezera akuba mabatire ndi dizilo. Anali ndi chibonga cha mtengo wa muwanga ndi wezulo wa pakhosi, ndipo akuba awiri atatu anachilawadi chibongacho.

Chakumapeto kwa zakazo kunabwera makina atsopano. Zitsulo zakale zolira thetheya anazitulutsa, n'kuikamo makabati otuwa okhala ndi timagetsi tobiriwira, ndi kompyuta pakona. Anyamata ophunzira amene anadzaika makinawo anawauza a Shawa kuti tsopano chikavuta, munthu akhoza kuchikonza ali ku Lusaka osanyamuka pampando. A Shawa anangogwedeza mutu mwaulemu, mumtima akuti ana a masiku ano bodza samaliopa. Ankapukuta fumbi pamakabatiwo m'mawa uliwonse ndi kansalu koyera, osakhudza batani lililonse.

Mlendo amene anadzasokoneza zonse anafika m'nyengo yozizira ya 1998, chakum'mawa dzuwa litakwera, a Shawa akuotcha mbatata pambaula pafupi ndi geti. Vaneti yoyera yopanda dzina la kampani inaima panja. Munatuluka mwamuna wa msinkhu wapakati, wovala ovololo yabuluu, atakolekera chikwama chakuda paphewa. Sanapereke moni. Anagwira waya wa geti n'kukuwa ndi lilime lolemera la Chibemba:

"Ali kuti Papaya? Ali kuti mkulu wa mbewa uja anagwa mumtengo kuti phwa, chiswe chikumuseka?"

A Shawa anaimirira mbatata ili m'manja. Dzina lakuti Papaya linali la a Kangwa okha. Ngakhale a Dolika sankalitchula.

"Ndiwe yani iwe nyani wopanda mwambo?" anafunsa, koma kukamwa kutayamba kale kumwetulira.

"Kangwa wandituma. Akuti njinga yako ija yafa, ubwere udzatenge mtembo usananunkhe. Akuti unyolo wake ndi wokalamba kuposa mwini wake."

Njinga inalidi kwa a Kangwa, ndipo vuto linalidi unyolo. A Shawa anaseka mpaka kutsokomola. Mlendoyo anapisa dzanja pawaya, natsomphola mbatata ija m'manja mwawo, n'kuyamba kudya akudandaula kuti anthu a kum'mawa ngakhale kuotcha mbatata sadziwa. Kenako ananena chimene anadzera. Wachokera ku Lusaka, akuti, mafoni akumveka phokoso, ndipo amutuma kudzayeza makina.

"Pepala lili kuti?" anatero a Shawa. Pakamwa panafunsa pokha, chifukwa panazolowera.

"Pepala!" Mlendoyo anagwira m'chiuno. "Mbuya kufunsa mbuya wake pepala? Ukaliwerenga ndi chiyani, poti Kangwa wandiuza kuti sukulu unaithawa atate ako ali ndi choko m'manja? Kuofesi kwanu ndapitako, bwana wanu kulibe, akuti wapita kumaliro. Ine ndibwerere ku Lusaka chimanjamanja chifukwa cha Papaya? Chabwino. Nditsike ndikamuuze Kangwa kuti mbuya wake wakwiya, wandibweza pageti ngati wakuba."

Anatembenuka ngati akupitadi. Apa m'pamene panagona nkhani yonse, ndipo aliyense wofuna kuwaweruza a Shawa ayambe waima pamene iwo anaima. M'maso mwawo anaona a Kangwa ali pakati pa msika akuuza aliyense kuti Ackim wasanduka mzungu, wayamba kufunsa ambuya mapepala. Kusekedwako sikunawaopse. Chinawaopsa n'chakuti mwina a Kangwa sadzaseka, adzangokhumudwa kuti munthu amene anamutuma m'dzina lawo wachititsidwa manyazi. Anabweza mbale wawo wa bere limodzi osagwedezeka, koma munthu wobwera ndi chipongwe cha a Kangwa pakamwa analephera kumubweza. Anatulutsa makiyi.

M'kanyumba muja mlendoyo anatulutsa m'chikwama kakompyuta kopyapyala, kukula kwake ngati Baibulo la paguwa. Analumikiza chingwe kukabati imodzi, nakhala pansi mwendo uli pamwamba pa unzake, n'kuyamba kugogoda timabatani. Pakamwa sipanapume. Anafunsa ngati n'zoona kuti kuno mkwati amalowola ndi mbewa zouma, a Shawa nabwezera kuti kwawo kwa mlendoyo nyani akadutsa pamudzi ana amathamangira mchere. Anaseka onse awiri. Timagetsi tija tinali tobiriwirabe. Mbatata yachiwiri isanapse panja, munthuyo anali atalongedza kale. Potuluka anatola mbatata zonse zotsala pambaula, nakweza dzanja, vaneti n'kutsika phiri.

A Shawa anayendera kanyumba konse monga mwa chizolowezi chawo. Mabatire analipo, dizilo analipo, palibe ngakhale kamsomali kamene kanasowa. Kuofesi sanakanene. Akanakanena chiyani, poti palibe chinabedwa? Komanso kamtima kena kankawauza kuti za pepala zija bola zikhale pakati pa iwo ndi phiri.

Atatsikira kumsika kukatenga njinga, anawauza a Kangwa kuti, "Nyani mnzako uja anafika. Wandidyera mbatata zonse."

A Kangwa anaomba m'manja ndi chisangalalo. "Anakupeza! Mwana wabwino uja. Anakhala pano masiku angapo, akuti kwawo n'kufupi ndi kwathu, akudikira katundu wa kuntchito. Anandigulira na tiyi. Atanena kuti ali na ntchito Pamlongoti, ndinati kumeneko kuli chitsiru changa, ndikupatse zida. Ndinamuphunzitsa zonse, ulele!"

Anaseka mpaka amayi ogulitsa tomato anawafunsa ngati amwa. Ndimati ndikaganiza za kuseka kumeneko, mtima umandiwawa.

Miyezi inapita, kuzizira kunatha, kunabwera kutentha kuja kumene ngakhale agalu amasowa pogona. Tsiku lina m'mawa mafoni onse a Chipata anangoti zii. Poyamba anthu sanadabwe, poti foni kufa sinali nkhani. Koma dzuwa linapendeka, kunacha, kunachanso, ali chete. Ku Mwami malole anandanda mpaka kutali, madalaivala akuphika pansi pa matayala chifukwa akasitomu sankatha kulankhula ndi Lusaka. Kubanki anthu ankabwezedwa pakhomo. Kunamveka zoti mayi wina wa ku Chipangali, amene kubereka kunamuvuta pakachipatala ka kumudzi, anamunyamula pangolo chifukwa panalibe njira yoitanira ambulansi, ndipo sanafike. Kaya zinali zoona ndendende kaya anthu anawonjezera, a Shawa atazimva anasiya kudya.

Paphiri timagetsi tonse tinali tofiira. Jenereta inkalira bwinobwino. Mawaya anali osaduka, mlongoti uli chiimire, loko wa pageti ali wamphumphu. Amisiri a m'tauni anabwera, natsegula makabati, nakanda mitu, n'kubwerera. Kenako kunafika magalimoto awiri ochokera ku Lusaka. M'galimoto yoyamba munali mainjiniya, wamkulu wawo ali mayi wachitsikana dzina lake Mainess Daka, mwana wa kuno komwe. M'galimoto yachiwiri munali amuna ovala malaya wamba amene sananene maina awo, ndipo palibe anawafunsa.

Mayi Daka anakhala pakompyuta nthawi yaitali. Potuluka anawapeza a Shawa ataima pageti chibonga chili m'manja, ngati kuti mdani akhoza kutulukira nthawi ina iliyonse.

"Atate," anatero mayiyo, "makinawa sanawonongeke okha. Pali munthu amene wakhala akuwalamula."

"Ali kuti? Muno simulowa munthu, mayi."

"Sali muno. Sali ngakhale m'dziko muno."

A Shawa anacheukira loko wa pageti.

"Kwa miyezi ingapo," mayiyo anapitiriza, akusankha mawu oti mkuluyo amve, "foni za kumalire, za asilikali na za kuboma zakhala zikumvedwa na makutu ena, kutali. Anzathu ku Lusaka atayamba kukayikira n'kufufuza, munthuyo anadziwa, ndiye anapha makina onse kuti afufute mapazi ake. Wakuba wamba sangathe zimenezi, atate. Iyi ni ntchito ya anthu ophunzitsidwa na boma la dziko lina, otumidwa na boma lawolo. Ni nkhondo, koma yopanda mfuti."

"Nkhondo?" Mawu a a Shawa anatuluka ang'onoang'ono. "Pano? Ine ndili pompano?"

"Inde. Koma kuti ayambe, panafunika kuti wina alowe m'kanyumba umu na miyendo yake, kamodzi kokha, alumikize chingwe. Zotsalazo amachita ali kwawo, mwina akumwa tiyi."

Chibonga chinagwa chokha m'manja mwa a Shawa. Zaka zonsezo anayang'ana kutchire, kudikira adani a nkhope zoopsa, pamene mdani anabwera dzuwa likuwala, nawaseketsa, nawadyera mbatata, iwo eni n'kumutsegulira chitseko ndi kumugwirira chingwe kuti chisakodwe. Anakhala pansi pafumbi, munthu wamkulu, yunifomu ili pathupi. Mmodzi wa amuna opanda maina aja anali akuwayang'ana kale.

Anawatengera kunyumba ina ya boma m'tauni. Sanawamenye, tisawanamizire. Wowafunsa anali mwamuna wofatsa, wa mawu ozizira, amene ankabwereza funso limodzimodzi ngati munthu wosinja. A Shawa sanabise za mlendoyo. Anafotokoza vaneti, ovololo, chikwama, chingwe.

"Anakupatsani chiyani?"

"Palibe, bwana. Iye ndiye anadya zanga."

"A Shawa, tamva mbiri yanu. Munabweza mbale wanu. Munabweza abusa. Lero mukuti munthu wosamudziwa, wopanda pepala, munamutsegulira chabe?"

"Anali mbuya, bwana."

Wofunsayo sanaseke. "Chimbuya ndichidziwa, nanenso ndili nawo ambuya anga. Koma Abemba m'dziko muno ni ambiri. Onse mumawatsegulira? Uyu anali na chiyani chapadera? Anakudziwani bwanji? Anamutuma ndani?"

Apa a Shawa anatseka pakamwa. Anadziwa kuti akangotchula dzina, galimoto ija ipita kumsika wa Kapata. Anadziwanso kuti a Kangwa sanalakwe kanthu koposa kukonda kuyankhula. Anangoti, "Sindikumbuka, bwana," ndipo poti anali munthu wosazolowera kunama, bodzalo linaonekera ngati chigamba chofiira pa malaya oyera. Anawabwezera m'chitokosi. Mawa lake funso linali lomwelo, mkuja lomwelo.

Achimwene awo akalaliki anabwera atavala tayi, nawauza kuti dzina la atate awo, limene linamveka bwino pa mishoni kwa zaka zambiri, tsopano likutchulidwa m'mabawa pamodzi ndi mawu akuti kazitape. Zimenezo a Shawa anazipirira. Chimene sanathe kupirira ndi a Dolika, amene anafika maso atatupa, atanyamula chakudya chimene alonda anachivundula ndi supuni.

"Atate a Edita," anatero a Dolika, "akuti mlandu wanu ni wogulitsa dziko. Akuti mukapita ku Lusaka simudzabwerako. Edita kusukulu anzake amuthawa. Ine ndidziwa amene mukumubisa, chifukwa munabwera kunyumba mukuseka tsiku lija. Nenani zoona chabe. A Kangwa sanalakwe, adzawafunsa n'kuwasiya."

"Amake Edita, munthu uja anandikumbira manda a mwana."

"Ndiye mufuna adzakumbenso anu?"

Tsiku lotsatira a Shawa ananena zoona. Anafotokoza za dzina lachipongwe, za unyolo wa njinga, za masiku amene mlendoyo anakhala pashopu. Wofunsayo anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chimene ankachifuna, nawathokoza. Ine sindiwaimba mlandu a Shawa, ndipo amene akuti akanalimba kuposa apo ayambe wagonako m'chitokosi mwana wake akusalidwa panja. Koma kuthokoza kuja kunawapweteka kuposa mbama.

Amuna opanda maina aja anawatenga a Kangwa masana, msika uli wodzaza, manja ali girisi, wilo la kasitomala lili pamiyendo. A Shawa anatulutsidwa posakhalitsa, boma litakhutira kuti anangopusitsidwa. Kampani inawapumitsa ntchito mwakachetechete n'kulandira makiyi ake. Koma a Kangwa anakhalitsa. Iwo ndi amene anakhala ndi mlendoyo masiku angapo, iwo ndi amene anamwa tiyi wake, ndipo mlendoyo ankati ndi wa kwawo. Anawapititsa ku Lusaka. Mvula inagwa, chimanga chinamera, chinafika m'chiuno, iwo kulibe. Pashopu pawo panakhala munthu wina wogulitsa makala, ndipo zitsulo zawo zinayenda m'manja mwa anthu.

Mwini mlandu sanapezeke. Palibe anadziwa dzina lake lenileni, kapena ngati analidi Mbemba, kapena anangophunzira masewera athu monga munthu aphunzirira kutsegula loko wa eni. Ichi ndicho chimandipsetsa mtima kufikira lero. Kwinakwake, m'ofesi ya dziko limene sitinauzidwe, anthu ophunzira anakhala pansi n'kufunsana kuti phiri la ku Chipata tilowera pati, ndipo sanasankhe mpanda kapena loko. Anasankha chinthu chimene timatonthozana nacho pamaliro. Mafoni anabwerera, ndipo Pamlongoti anaikapo asilikali a mfuti kuti alonde chitseko chimene mdani anali atathana nacho kalekale.

A Shawa anabwerera ku Madzimoyo kukalima kamunda ka atate awo. Atamva kuti a Kangwa atuluka, anatenga njinga yawo m'mamawa n'kupalasa ndi bondo lawo lovutalo mpaka ku Kapata. Njira yonse ankakonza chipongwe choyambira. Anafuna chikhale chabwino, choti mnzawo alephere kudziletsa, abwezere, zonse zibwerere m'malo.

Anawapeza atakhala pakhonde. Kamimba kaja kanali katapita, malaya atamangidwa mabatani mpaka pakhosi, manja ali oyera ngati a kalaliki. Ataona a Shawa anaimirira msanga, navula chipewa, nalowa m'nyumba kukatenga mpando wabwino, naupukuta ndi dzanja. Anadikira kuti mlendo akhale, kenako anaomba m'manja mwaulemu.

"Mwayenda bwanji, a Shawa? Amayi ali bwanji kunyumba? Nanga ana?"

A Shawa anaponya chipongwe chawo chija. "Iwe, wawonda chotere, ku Lusaka anakumana anyani?"

A Kangwa anayang'ana pansi. "Zoona, ndawonda. Zikomo pobwera kudzationa." Anatembenukira kukhomo n'kuitana akazi awo kuti abweretse tiyi m'makapu a alendo.

"Lazaro," anatero a Shawa, "ndine ndinakutchula. Ndine. Ndikalipire, nditukwane, undimenye kumene ngati ufuna."

"Simunalakwe, atate. Munanena zoona. Ine sindinakwiye, Mulungu aone mtima wanga."

"Ndiye nditukwane! Kamodzi chabe!"

A Kangwa anapotokola chipewa m'manja. Poyankha, mawu awo anali otsika. "Kuja anandiuza kuti ndinene zonse zimene ndinakutukwananipo chiyambire. Chimodzichimodzi. Ndikanena, afunsa kuti chitanthauza chiyani, ni chizindikiro cha chiyani, ndinauzanso ndani. Mawa lake tiyambirenso. Palibe anaseka, a Shawa, ngakhale mmodzi. Tsopano ndikati nditsegule pakamwa, ndimaona chipinda chija." Anapukuta m'maso ndi chipewacho. "Ndayesa. Pamene munali kutsika panjinga paja ndinayesa. Sizituluka."

Tiyi anabwera pathireyi. Anamwa ngati anthu okumana koyamba pa ukwati wa eni, akufunsana za mvula ndi za fetereza. A Shawa atatsanzika, a Kangwa anawagwirira njinga n'kuwaperekeza mpaka pamsewu waukulu. Pamenepo anawapatsa chanza ndi manja awiri, atawerama pang'ono, nati apereke moni kwa onse kunyumba.

A Shawa sanakwere njingayo. Anaikankha wapansi kudutsa m'tauni monse, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo aliyense amene anakumana naye anawapatsa moni waulemu.